Chidendene cha apongozi anga

Ana anga, mwandivutitsa nthawi yaitali kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanaiwale, poti tsopano ndili pa reforma, ndinapuma pantchito, ndipo chatsala n'kupirikitsa nkhuku m'dimba la amayi anu. Za ubwana wanga sindilemba. Ndinkaweta mbuzi ngati mwana wina aliyense wa kuno ku Angoniya, ndipo mbuzizo zinalibe mbiri. Ndiyambira pamene boma linayamba kundilipira, kenako ndifike pa nkhani ya agogo anu aNangozo, imene inu mumaidziwa mbali ya amayi anu yokha.

Kumbali ya Domwe, nkhondo itangotha

Malo anga oyamba anali kachipatala kena kakang'ono kufupi ndi malire. Anthu anali akubwerera kuchokera ku Malawi kumene anathawira nkhondo, atasenza mphasa ndi mapoto, ndipo ena anataya miyendo ataponda mabomba okwirira m'minda yawo yomwe. Ine ndinali wothandiza enfermeru, namwino wa pamenepo, kutanthauza kuti chilichonse chimene enfermeruyo ankanyansidwa nacho chinali changa. Mabandeji tinkachapa n'kuyanika pampanda, mawa lake n'kumangira munthu wina. Ndodo zoyendera olumala ankatisemera mmisiri wina wa pamsika, ndipo zonse ankazisema moyeza msinkhu wake womwe, moti munthu wamtali ankayenda chowerama, wamfupi mapewa ali m'makutu. Ndinamudandaulira mpaka malovu kuuma, iye n'kumangoti mtengo ndi womwewo.

Poona kuti ndinkakhalitsa ndi olumalawo, shefi wathu, bwana wa pachipatalapo, anapereka dzina langa kuti ndikachite kurusu, maphunziro a fiziyoterapiya, ku Beira. Iye sankadziwa kuti fiziyoterapiya n'chiyani, inenso chimodzimodzi. Anangoti, "Pitani, a Mbewe, kumeneko mukadya nsomba." Ndinabwerako ndikudziwa kuwongola miyendo ndi manja a anthu ovulala popanda mpeni kapena jakisoni. Chimene sanandiuze n'chakuti ndasankha ntchito yokangana ndi anthu moyo wanga wonse.

Zaka za m'chipinda cha matsache

Atandisamutsira ku chipatala chokulirapo, diretori, mkulu wa chipatalacho nthawi imeneyo, anandipatsa chipinda chimene ankasungiramo matsache ndi ndowa. Nditafunsa ngati palibe china, anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Kusisita anthu kumafunanso malo aakulu?" Matsachewo sanawachotse. Nthawi zina ndili pakati pothandiza munthu, wosesa ankangolowa kudzatenga ndowa yake, n'kupereka moni kwa wodwala amene wavula malaya.

Matenda amene ndinkakumana nawo kwambiri anali a chidendene. Kuseri kwa chidendene kuli mtsempha wolimba ngati chingwe, umene umalumikiza katumba ndi phazi. Gwirani pamenepo muumva. Ndi umene umanyamula thupi lonse munthu akamakwera chitunda, ndipo kuno kwathu malo athyathyathya ndi bwalo la mpira lokha. Amuna okankha njinga zodzaza matumba a kachewere kupita ku Ulongwe, amayi osenza chimanga kuchokera kumadimba, onse ankabwera mtsempha umenewu utatupa, akuti m'mawa akadzuka amayamba ayenda ngati nkhalamba. Ku Beira anatiphunzitsa kuti munthu wotere apumule ndi kumwa mapiritsi ochepetsa kutupa. Tsono kamuuzeni munthu amene kachewere wake akuola m'munda kuti akhale pansi mwezi wathunthu.

"Ndiye mwati ndingokhala?" ankatero.

"Mungokhala, bambo."

"Nanga ana adya kukhalako? Mungondibaya jakisoni ndizipita."

Ndikakana, ankatuluka akung'ung'udza kuti wayenda mtunda wonsewo kudzaona munthu wopanda singano. Ndinkapsa mtima, koma mumtimamo ndinkadziwanso kuti munthuyo sakunama.

Nyengo ya dotora Ilda

Ndinali nditayamba kale kuchita imvi pamene kunabwera dotora Ilda, mayi wachitsikana wa kumunsi kunyanja, amene anatumidwa ndi sukulu yake ya udotolo kudzafufuza chimene chimatupitsa ndi kudula mitsempha imeneyi mwa alimi a kumapiri. Anabwera ndi makina onga kachikwama, oonera m'kati mwa thupi, ngati aja amaonera mwana m'mimba. Chinyanja ankadziwa "zikomo" basi, ndiye ine ndinakhala pakamwa pake. Diretori, amene kwa zaka zonsezo anali asanapondemo m'chipinda changa, analamula tsiku lomwelo kuti matsache achoke.

Ntchito yofufuza ndi yotopetsa, ana anga. Magetsi ankathima munthu atagona kale pabedi, titamupaka kale mafuta oterera aja, ndiye tonse atatu n'kumangoyang'ana kudenga. Odwala ankayesa kuti makinawo ndiwo mankhwala. Dotora akangowayendetsa pachidendene, munthu ankadzuka n'kunena kuti wayamba kale kupeza bwino, ine n'kumafotokoza kuti ayi, apa tangoona chabe. Komabe ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo. Mtsempha wabwino umaoneka ngati ulusi wa khonje wopesedwa bwino. Wodwala umanenepa pakati, ulusi wake uli balalabalala.

Tsiku lina dotora anandiuza m'Chipwitikizi kuti, "Senyoro Mbewe, kupumula kokha sikuchiritsa mtsempha. Umafuna ntchito, koma ntchito yoyeza." Anaima m'mphepete mwa khonde ndi zala za kuphazi zokha, n'kumatsitsa zidendene pang'onopang'ono, kenako n'kunyamukanso. Akuti mankhwala ake ndi amenewo, tsiku ndi tsiku, kwa miyezi. Zaka zonse zija ndinkakangana ndi anthu kuti apumule, lero ndikawauze kuti azikavina pakhonde? Anandiuzanso za jakisoni wina amene amathetsa ululu msanga koma amatha kufooketsa mtsempha, munthu n'kuyamba kuthamanga poyesa kuti wachira, mtsemphawo n'kuduka. Ndipo anandiphunzitsa kudziwa ngati waduka popanda makina. Wodwala agwade pampando mapazi akulendewera kumbuyo, iwe ufinye katumba. Phazi likagwedezeka, mtsempha ulipo. Likangoti zii, waduka, ndipo phazilo liyenera kumangidwa msangamsanga zala zitaloza pansi, kuti nsonga ziwiri zodukazo zikumane. Ukachedwa zimatalikirana, munthu n'kumakoka mwendo mpaka kumanda.

Nthawi yake itakwana ananyamula makina ake n'kukwera shapa, minibasi ya ku Tete, atalonjeza kuti adzatitumizira zimene wapeza. Ndafika pa reforma ndisanazione. Mwina zidakali m'njira. Matsache okha ndiwo anabwerera sabata yomweyo.

Dzinja limene agogo anu anavulala

Inu a masiku ano mumakhala pampando umodzi ndi apongozi anu, kumalandirana foni. Ife sizinali choncho. Chikwatirire amayi anu, ndinali ndisanawayang'anepo agogo anu kumaso. Ndikafika kumudzi kwawo kuja kufupi ndi Fonte Boa, iwo ankazemba kupita kuseri kwa nkhokwe, moni n'kumachokera kumeneko, ndipo mawu aliwonse ankadzera mwa amayi anu. Ine mwambowo sindinkadana nawo. Ndi ulemu, ndiponso umapewetsa mikangano yambiri.

Koma taonani zimene unachita. Agogo anu anavutika ndi chidendene chaka chonse, ine osauzidwa, chifukwa mwendo wa apongozi si nkhani yoti mkamwini aimve. Ine amene zidendene za boma lonse lino zinkadutsa m'manja mwanga! Malume anu a Kalisto anawakweza panjinga kupita nawo kwa munthu wina wobaya jakisoni kuseri kwa msika wa kumalire. Ululu unatha, onse n'kuyamika. Ndiye tsiku lina ali kubandira chimanga, polumpha ngalande, anamva ngati munthu wawamenya ndi ndodo kuseri kwa mwendo. Atacheuka sanaone munthu. Kumudzi anagwirizana kuti ndi mnansi wina amene ankakangana naye za malire a munda, kuti wawaponyera chinthu. Anawatemera mphini, n'kumawalimbikitsa kuti aziyenda mwendo ungaume.

Ine ndinazimva patapita masiku, tikudya, amayi anu akuzinena ngati nkhani yongocheza. "Amayi akuti wina anawamenya kumunda koma sanamuone." Ndinasiya kudya pomwepo. Mawu amenewo ndinali nditawamasulirapo kambirimbiri kwa dotora Ilda, ndipo nthawi zonse tinkapeza mtsempha utaduka.

Nkhani sinali ya mwendo wokha. A Kalisto anali atayamba kale kukonza zoti amayi awo akapanda kuyenda awatengere ku Tete, kumene ankagwira ntchito, munda n'kuubwereketsa kwa olima kachewere. Agogo anu anali atanena poyera kuti kukakhala m'chipinda chotentha cha m'tauni, kumayang'ana khoma, bola angowaika m'manda. Kuchipatala anakanitsitsa, poti agogo anu aamuna analowa kumeneko osatulukanso. Ndinapita kwa diretori, amene panthawiyi anali wina, kukapempha galimoto ndi enfermera wamkazi woti ndipite naye. Anati galimoto ilibe mafuta, enfermera alipo mmodzi ndipo ali kochiritsa amayi oyembekezera, ndipo zomangira chikhakha zinatha mwezi wathawo. Anamaliza ndi kundifunsa ngati ndabweretsa pempholo polemba. Ndinatuluka ndisanalankhule zimene zikanandichotsetsa ntchito. Ndinadula nsungwi, n'kutenga nsalu ndi thonje, chovala changa choyera cha kuntchito n'kuponya m'thumba, ine ndi amayi anu ulendo panjinga m'matope.

Titafika, ndinaima panja pafupi ndi chitseko, amayi anu n'kulowa. Maganizo anga anali oti iwo akhale manja anga.

"Mayi a Tereza, auzeni agwade pampando, mapazi alendewere kumbuyo. Tsopano finyani katumba."

"Ndafinya."

"Phazi lagwedezeka?"

"Akuti manja anga akuzizira."

"Sindikufunsa za manja! Phazi lagwedezeka kapena ayi?"

"Lagwedezeka pang'ono. Kapena ndine ndaligwedeza, kaya. Dikirani, ndafinya mwendo wabwinowu."

Ndinagwira mutu. Ngakhale akanafinya mwendo woyenera, kumanga phazi mopendeketsa bwino si ntchito yophunzira kudzera pachitseko. A Kalisto, amene anali atakhala pamtondo wogubuduza akundiyang'ana, anaona kumene maganizo anga akulowera. Anati, "Alamu, musayerekeze. Mkamwini kugwira mwendo wa apongozi ake? Mudzi uno tidzayenda bwanji ife? Ine ndiwatenga amayi kupita nawo ku Tete mwezi ukatha, kuli madotolo enieni kumeneko." Ndinawauza kuti mwezi ukatha kudzakhala kulibenso chomanga. Anangoti zimenezo n'za Mulungu.

Pa ntchito yanga yonse sindinavutikepo mumtima ngati mmene ndinavutikira pakhomo paja. Ndikalowa, ndanyoza mayi amene anandipatsa mkazi, pamaso pa mwana wawo wamwamuna, ndipo amayi anu ndiwo adzasenze manyazi ake. Ndikapanda kulowa, ndasunga ulemu, iwo n'kutaya mwendo ndi munda womwe. Mantha ndinali nawo, sindikubisirani, koma mkwiyo unaposa. Ndinakweza mawu kuti amve okha m'nyumbamo.

"Mayi a Tereza, auzeni amayi kuti ine ndikulowa. Akafuna kundilipiritsa mbuzi ndidzalipira. Akafuna kuti ndisadzapondenso pano sindidzaponda. Koma phazi ilo likapanda kumangidwa lero, munda uja auiwale."

A Kalisto anaimirira. Kenako ndinamva mawu a agogo anu, osanjenjemera n'komwe.

"Iwe Roza, amuna akowo chovala choyera chija cha kuchipatala abwera nacho?"

"Chili m'thumba, amayi."

"Avale. Mkamwini wanga asalowe muno, ameneyo akhale panja pomwepo. Alowe a dotolo."

Ine ndinavala chovalacho, chokwinyika, chothimbirira ndi matope a m'njira, n'kuodira ngati mlendo. Nditafinya katumba, phazi linangoti zii. Pamene mtsempha unadukira panali kadzenje kolowa chala changa. Ndinapendeketsa phazilo, n'kuyala thonje, n'kumanga nsungwi zanga. Nthawi yonseyo iwo ankandiyang'anitsitsa kumaso, koyamba chikwatirire mwana wawo. Nditamaliza anati, "Kodi a dotolo, nkhope yanu ndi yotereyi? Ndinkayesa ndinu ooneka bwinoko."

Miyezi ya Loweruka lililonse

Kuyambira pamenepo ndinkapita Loweruka lililonse, chovala n'kuvalira pansi pa mtengo wa pichesi ndisanafike pabwalo. Musaganize kuti anali wodwala wofatsa. Ulendo wina ndinapeza atamasula nsungwi zonse kuti akaone ngati chimanga chamasula ngaiyaye. Ndinakalipa mmene ndinkakalipira wodwala wina aliyense, iwo n'kundibwezera mawu, amayi anu atagwira pakamwa pakona. Koma chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti anapeza munthu womudandaulira za mkamwini wawo. Ine ndili chogwada, phazi lawo lili pabondo panga, iwo n'kumati, "A dotolo, inu mumayenda, mwina mumamudziwa mwamuna wa Roza. Munthu uja ndi woumira. Shuga amatumiza wokwana nyerere. Denga ili likudontha chaka chachiwiri, iye amangodutsa ngati saliona. Mukakumana naye mumuuze." Ndiye ine ndiyankhe chiyani? Ndinkangoti, "Ndikamuuza, mayi." Dengalo ndinafolera ndi manja angawa, Loweruka lotsatira n'kuuzidwa kuti mkamwiniyo wafolera mokhota.

Kumudzi nkhani inalipo. Amayi ena anasiya kundiyankha moni. Azakhali a amayi anu ananena kuti zimene tachitazi zidzagwera ana, moti mwana wathu Tereza akangotsokomola amayi anu ankandiyang'ana ine. A Kalisto anabwerera ku Tete osanditsanzika, ndipo tinatha zaka tisanamwere limodzi. Zonsezi ndinazimeza, ngakhale zinkandiwawa.

Pang'onopang'ono ndinayamba kuwongola phazi lija, kenako ndinachotsa nsungwi n'kuwapangira nsapato ya tayala yokwera kuchidendene. Titafika pa zoimirira ndi zala pakhonde, zija za dotora Ilda, anandiseka mpaka misozi. "Sukulu yonse ija munapita kukaphunzira zimenezi?" Koma ankachita, atagwira mzati, akung'ung'udza. Chimanga chawo anakolola ndi adzukulu, iwo atakhala pamphasa kumunda komweko akulamula. Tsiku lina, kunja kutayamba kuzizira, anayenda okha kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe n'kubwerera, kenako anati, "A dotolo, ntchito yanu yatha. Zikomo. Musavutikenso kubwera." Ndinawachenjeza kuti asathamange, asalumphe, asasenze zolemera mpaka mvula itagwanso. Anangoti amva.

Lamulungu lina m'chilimwe cha chaka chomwecho ndinali panjinga kupita kukaona mnzanga wodwala cha ku Fonte Boa, nditavala malaya wamba. Pokhota njira ndinangoti gululu ndi gulu la amayi ochokera ku Misa, agogo anu ali patsogolo, opanda ndodo. Atangondizindikira, anapatuka n'kulumpha ngalande ya m'mbali mwa njira, kunyamukira mwendo womwe uja, n'kukagwada m'maudzu atandifulatira. Mtima wanga unalumpha nawo limodzi. Ndinafuna kukuwa kuti, "Ndinati musalumphe!" koma chovala choyera chinali kunyumba, ndipo mkamwini alibe pakamwa pa mwendo wa apongozi ake. Ndinatsika panjinga, nanenso n'kuyang'ana kumbali, munthu amene phazi limenelo ndinaligwira miyezi yonse ija.

"Muli bwanji, amayi?" ndinafunsa maudzu.

"Tili bwino, kaya inu akamwini. Ana ali bwanji?"

"Ali bwino."

Ndinakankha njinga n'kudutsa, nditakwiya, misozi ili m'maso. Munda uja analima okha zaka zambiri pambuyo pake, ku Tete sanapiteko, ndipo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda sanandiyang'anenso kumaso.